Amenewo Musawajambule

Ife amene tinaphunzira m'manja mwa Mayi Olipa Miti timadziwa kuti chinthu chokhota sagona nacho tulo. Kolala yopindika, mzere wopotoka m'kope, nsapato yafumbi, zonsezi zinkawalasa m'maso. Anabadwira m'banja la aphunzitsi a ku mishoni, iwonso anaphunzitsa mpaka kupuma ntchito ali ahedi, ndipo mpaka lero akamadutsa mu Kapata, ife aimvife timangozindikira tikupisira malaya. Ndimawakonda mayiwa, koma kunena zoona, amayamba kuona fumbi asanaone munthu.

Amuna awo, a Goodson Miti, anali kalaliki ku boma, munthu wa phee. Kwawo ndi ku Chipangali. Makolo atamwalira, anawalera ndi alongo awo aakulu, a Yosefina, amene anasiya sukulu n'kugwira khasu kuti mtedza wawo uphunzitse mwana wamwamunayo.

Juliet, mwana yekhayo wa a Miti, atapeza banja, mayi ake anakonza ukwati wopanda banga. Anagula hadi diraivi, kabokosi kosungiramo zithunzi ndi mavidiyo, n'kupatsa Paison wojambula kuti zonse azikonzera momwemo. A Yosefina anafika pa lole, atanyamula thumba la mtedza, atavala chitenje chofwifwa ndi mapatapata. Madyerero ali mkati anadzuka osaitanidwa, anavula mapatapata aja, n'kuyamba kuvina pamaso pa akwati akuimba nyimbo ya kumudzi. Anthu anaomba m'manja. Mayi Miti anayang'ana alendo a ku Lusaka, manyazi anawagwira, ndipo anapita kukaima pambali pa Paison n'kumuuza zochita. Vidiyo inatuluka yosalala, mulibe a Yosefina. A Miti ataionera anangoti mwina kamera inali kwina.

Chaka chatha a Yosefina anamwalira. Maliro atatha, zinapezeka kuti chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha pa chitupa, chojambulidwa ali mtsikana. A Miti anakumbukira ukwati uja. Analumikiza hadi diraivi ku kompyuta yawo yakale ya patebulo, akumati penapake, ngakhale kumbuyo kwa anthu, nkhope ya alongo awo iyenera kuoneka. Ali mkati mosuntha mafayilo, magetsi anathima. Atayakanso, kompyuta inakana kutsegula kabokosi kaja, inkangofunsa ngati akufuna kufomata. Juliet anawaletsa pa foni kuti asayerekeze kuvomera, chifukwa kutero n'kusesa zonse.

M'mawa mwake a Miti anapita ndi akazi awo kwa Tamiwe, mayi wokonza makompyuta pafupi ndi msika.

“Mwachita bwino kusafomata, atate,” anatero Tamiwe. “Magetsi akathima diraivi ili pa ntchito, imasokonezeka, siidziwanso kuti chakuti chili pati. Koma zinthuzo kawirikawiri zimakhala zilimo. Pulogalamu yanga imatola chilichonse, ngakhale zimene munthu anadilita kale, bola pasanalembedwe zina pamwamba pake.”

A Miti anamwetulira koyamba chichokereni kumaliro. Koma Mayi Miti anandiuza okha pambuyo pake kuti masiku amene kabokosi kanali kwa Tamiwe ankapemphera kuti kafe. Mayi wa chigwirizano, wotsogolera mapemphero a Lachinayi, kupempha Mulungu kuti amuna awo asaonenso nkhope ya alongo awo! Akadzuka pogwadapo ankachita manyazi ndi pemphero lomwelo, koma mawa lake ankalibwereza.

Tamiwe atawaitana, anawakhazika pa benchi patsogolo pa kompyuta yake. Anati vidiyo yaikulu ija inabwera yoduka, imangoima panjira, koma panatuluka timavidiyo tating'onoting'ono tambiri topanda maina. Anayamba kutsegula kamodzikamodzi. Kunabwera keke, magalimoto a maluwa, mwana akulira mu tchalitchi. Kenaka anatulukira a Yosefina, osavala nsapato, thukuta lili kamukamu, akuseka ndi mano awo otsala.

A Miti anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Nyimboyo inali yoyamikira, alongo awo akutchula mmodzimmodzi a kubanja kwawo. Atafika poti, “Goodson wanga, mwana wa amayi,” panamveka mawu ena pafupi ndi kamera, mawu a Mayi Miti, omveka bwino ngati pa asembule ya kusukulu:

“Amenewo musawajambule. Akutichititsa manyazi. Ngati alowa kale, mukafufute.”

“Chabwino, madamu,” anayankha Paison mu vidiyomo, komabe kamera sinatsike mpaka nyimbo inatha.

M'shopumo munali makasitomala ena, mmodzi mwa iwo munthu amene Mayi Miti anamuphunzitsa giredi seveni, ndipo iyeyo anayamba kuwerenga mitengo ya machaja pakhoma ngati akufuna kugula onse. Mayi Miti anayang'ana pansi. Anafuna kunena kuti linali tsiku lotanganidwa, kuti sanatanthauze zimenezo, koma mawu awo anali atamveka kale.

“Pamenepo ndingadulepo, atate,” anatero Tamiwe motsitsa mawu. “Ndi ntchito yaing'ono.”

A Miti anapukusa mutu. “Mukadula pamenepo mudula pamene akunditchula dzina. Zisiyeni momwemo, mwanawe. Mundiikire mu foni.”

Panjira a Miti sanakalipe, sanafunse, ndipo mpaka pano sanafunsebe. Mayi Miti amati bwenzi zili bwino akanawazazira pamaso pa anthu, chifukwa mlandu wokambidwa umatha. Madzulo a tsiku lomwelo anapita pakhonde pamene amuna awo anakhala ndi foni, anagwada monga sanagwadirepo chikwatiwire, n'kuyamba kupepesa.

“Dzukani, amake Juliet,” anatero a Miti, akusendera kumapeto kwa benchi. “Khalani apa muwaone alamu anu. Tsiku lija simunawaone bwino.”

Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka, a Miti amatulutsa foni pakhonde n'kutsegula kavidiyo kaja, ndipo ife oyandikana nawo nyimboyo tinailoweza pamtima, pamodzi ndi mawu a pakati pake aja. Mayi Miti amakhala pambali pawo, manja ali pamiyendo. Amadziwa bwino pamene mawu awo ayambire. Nyimbo ikamayandikira pamenepo amagwira m'mphepete mwa benchi ngati akufuna kudzuka, koma sadzuka.