Wotsala Mmodzi

Ndili padepoti ya ku Limbe usiku, ndangoweruka kuntchito, kukuwaza mvula. Akabaza onse apita. Kwatsala minibasi imodzi ya ku Bangwe, yosayatsa nyali, ndipo kondakitala wake, bambo waimvi, akukuwa: "Wotsala mmodzi! Mmodzi yekha tinyamuke!"

Ndikuthamanga, chifukwa mwana wanga ndamusiya yekha m'nyumba. Ndikulowa. Mwadzaza amayi ovala mipango yoyera, anayianayi pampando. Akundisendera osandiyang'ana. Mpando wanga ukuzizira ngati simenti.

Tikuyenda. Pamsewu agonekapo nthambi za masamba aawisi, zija timaika pakagwa maliro. Dalaivala akuchepetsa liwiro, akuvula chipewa. Kutsogolo kuli nthambi zina, kenako zinanso. Msewu wonse wasanduka masamba, matayala sakumvekanso.

"Kwagwanji kuno, amayi?" ndikufunsa amene ndayandikana nawo. Pamiyendo pawo anyamula nsapato zanga za kutchalitchi.

"Takhala padepoti paja kuyambira dzulo," akutero. "Timadikira inuyo."

Ndikuona kwathu. Azibambo akuotha moto pabwalo, mipando yanga aitulutsa panja. Mwana wanga waima pakhomo, amumeta mpala. Ndikumenya denga la minibasi.

"Wotsika! Akondakitala, wotsika!"

Kondakitala akuwerenga mitu ndi chala, kenako akundiyankha mwaulemu: "Pepani mayi. Mukatsika inu, tiperewera."

Amayi aja akuyamba nyimbo.

Ndadzuka kutulo. Kumsewu kondakitala wina wayamba kale kukuwa kuti wotsala mmodzi, ndipo mpaka pano nsapato sindinavale.