Mwambo Unandimanga Manja Apongozi Akugwa

Ndinaona apongozi anga akugwa, ine ndili pafupi, m'manja mulibe kanthu, koma sindinawagwire. Inu owerenga, mkwiyo umene ndili nawo mpaka lero ndi umene wandilembetsa.

Ndinakwatiwa chitengwa ku Chulu. Bambo a mwamuna wanga anayamba kunjenjemera dzanja, kenako mapazi awo ankangomatirira pansi akafuna kuyenda. Kuchipatala anati ndi matenda a Pakinsoni. Anatilangiza kuti tizichotsa zinthu m'njira, asiye kuvala patapata, ndipo wina aziyenda pambali pawo, osawakoka. Koma nyengo ya fodya amuna amakhalira kumunda. Pakhomo ndinkatsala ine ndi khanda langa.

Tsiku lina ndinawagwira pachigongono powaperekeza kuchimbudzi. Mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga amene anali atabwera kudzacheza, anaona. Mayi ameneyu pakamwa pake ndi lumo. Anakuwa anthu akumva, "Mtengwa wanji wogwira apongozi aamuna? Kwanu kulibe anamkungwi?" Nkhani inafika kuchigayo, inafika kutchalitchi. Mwamuna wanga, m'malo mondiikira kumbuyo, anangoti ndipewe pakamwa pa anthu. Ndine munthu wopirira. Ndinamvera.

Ndiye tsiku latsokalo tinkasoka fodya m'chigafa. Apongozi anabwera kudzaona tsamba lawo, paja mlimi sakhazikika. Polowera panali mikangala, mitengo yopachikira fodya ija, imene mlamu yemweyo anangoimwaza. Mapazi a apongozi anamata, thupi likupitabe kutsogolo. Ndinadzambatuka, koma maso anga anakumana ndi a mlamu. Ndinaima. Apongozi anagwa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka.

Mukudziwa zimene zinatsatira? Mwini mwambo uja anathawira kubanja kwake ku Simlemba, ati mwana akudwala. Apongozi sadzukanso pamphasa. Wowatembenuza ndine, wowasambitsa ndine, wowachapira ndine. Amene anakuwa chifukwa cha chigongono, lero angoti zii pamene ndikuona thupi lonse. Anthu achinyengo! Mwambo wawo umatha pakafika ntchito. Ndipo dzulo, ndikuwapukuta msana, apongozi anati ndi mawu awo apansipansi aja, "Mayi, mukanandigwira tsiku lija."

Inu amene muli ndi wodwala wotere, sesani njira yake, mukhomereni mitengo yogwira mpaka kuchimbudzi, ndipo mapazi akamata musamufulumizitse. Akayamba kupendama mugwireni, ngakhale akhale apongozi. Wolalata musiyeni alalate. Fupa likathyoka, simudzamuona ngakhale pachitsime akutunga madzi osambitsira wodwalayo.