Botolo la Patsindwi la Fabiano

Kuchokera pa Tsangano mpaka pa Boma panalibe lilime lofanana ndi la Fabiano. Akalawa madzi a mumtsuko ankatchula chitsime chake, dzina la wotunga, ndiponso ngati wotungayo anakangana ndi mwamuna wake m'mawawo. Chabwino, apo tachulutsa mchere. Zoona zake n'zakuti anali khukhi, ndipo nkhuku yake yootcha inkaiwalitsa munthu dzina la apongozi.

Zaka khumi anaphikira Mpwitikizi wa sitolo kutsidya kwa malire. Azunguwo atalongedza mu 1975, Fabiano anabwerera kwawo ndi mkazi wake Emma, yemwe ankatsuka mbale panyumba yomweyo, komanso botolo limodzi la vinyo woyera. Botololo analisomeka patsindwi la khitchini, mu utsi, poti anamvapo bwana akuti vinyo amakoma akakalamba. Sanafunse kuti vinyo wake uti.

Pamsika, anzake akamapima mbatatesi, iye ankalalikira. "Vinyo woyera, abale anga, si kachasu wanuyu wong'amba pakhosi. Amazizira ngati mame a mu Juni. Amayamba ngati pichesi losapsetsa, kenako kandimu pang'ono, basi wapita, lilime lasamba. Amafuna nkhuku, nsomba, mbatatesi yokazinga. Nyama ya ng'ombe amadana nayo ngati mkazi mnzake. Ine ndinkamwa tsiku ndi tsiku."

Koma khasu linamuthyola msana, ndipo chaka china chiwawu chinapsereza mbatatesi yonse. Atamva kuti wansembe wa ku Nzama akufuna wophika, anadziwa kuti ntchito imeneyo ikamuphonya, banja lidya mbewu. Anamuitanira kunyumba kuti adzalawe dzanja lake.

Tsikulo anatsitsa botolo, napukuta mwaye wa zaka zisanu ndi chimodzi, nalimiza mumtsinje kuti lizizire. Nkhuku inapsa, mbatatesi inafiira bwino. Fabiano anathira pang'ono m'tambula. Vinyo uja anali wofiirira ngati tiyi wa pamaliro. Anapukusa tambulayo monga ankachitira bwana wake, nagugudiza.

Makutu anaima. Misozi inatsika.

"Bwanji, a Fabiano?" anafunsa wansembe.

"Ndakumbuka kale, Bambo. Ndi yemweyo! Pichesi, kandimu, mame..." Ndipo anathiranso ina.

Wansembe anangonyowetsa milomo, natsokomola mpaka galu anathawa pakhonde.

Emma, amene anagwada pambali ndi beseni losambira m'manja, anatenga tambulayo nanunkhiza.

"Abambo ake Redson, uyu ndi viniga."

"Amayi, inu za vinyo mukudziwapo chiyani?"

"Nanga matambula a Mpwitikizi ankatsuka ndani? Wotsala pansi ankamaliza ndani? Inu munkaopa kuti bwana akununkhizani. Pichesi lija ndi langa, ndimu ndi langa, munazimva kwa ine. Anu ndi mame okha."

Anatembenukira kwa mlendo. "Woyera samusunga, Bambo. Amamwa akadali mwana. Koma musadandaule, sanatayike."

Anadontheza viniga uja pa mbatatesi yokazinga, nawazapo mchere. Wansembe analawa imodzi, kenako yachiwiri, kenako anakokera mbale yonse kwa iye. Nkhuku anaisiya mafupa oyera moti nyerere zinabwerera ndi njala.

"Mubwere Lolemba," anatero akusamba m'manja. "Nonse awiri. Wina aziphika, wina azilawa."

Njinga yamoto ya wansembe itazimiririka kuseri kwa phiri, Fabiano anakonza kolala nakhosomola mwaulemu.

"Ine ndinadziwa nditangotsegula kuti waonongeka. Ndimafuna ndikuyeseni ngati mukukumbukira."

"Ooh, munadziwa?" anatero Emma akusonkhanitsa mbale. "Nanga tambula yachiwiri ija munathiriranji?"