Tisheti ya nkhope ya bambo

Loweruka ndinali pa msika wa kaunjika ku Oldbury, kuno kunja kwa dziko lathu, kunenerera tisheti, poti ine ngakhale chotchipa kale ndimachinenerera. Nditainunkhiza, fungo la penti yake linandibweza kwathu.

Ndili mwana, bambo anga anali ndi golosale ndi chigayo, kenako anaimira uphungu. Anandipatsa tisheti ya nkhope yawo, yondifika m'mawondo. Ine ndinakaisinthanitsa kwa a Jailosi okonza njinga. Anandipatsa ya munthu amene ankapikisana ndi bambo, ndipo nditalimbalimba anawonjezera chubu chakale chopangira legeni. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona katswiri.

Anyamata a kampeni ya bambo anali pakhonde la golosale.

"Iwe mwana wa abwana, wakuveka ndani chinyansichi?"

"A Jailosi. Mukanenerera bwino, inunso akupatsani chubu."

Ndinawatsogolera ndekha. Sananenerere. Mmodzi anatola pampu n'kuwamenya nayo a Jailosi pakamwa. Mano awiri anagwera m'beseni loyesera machubu, madzi n'kufiira. Wina anawaponda dzanja mpaka linalira ngati nkhuni youma. Ine ndinkalira kuopa kuti andilanda chubu changa.

Bambo anapambana, nakhala ku Nyumba ya Malamulo mpaka imvi. Pa maliro awo anthu anati anali munthu wamtendere. A Jailosi sanagwirenso sipanala.

Ku Oldbury kuja wogulitsayo anatsitsa mtengo, koma tishetiyo ndinaibweza pa mulu. Mpaka lero ndimadzitama kuti sindinaluzepo pa malonda, koma pa malonda anga oyamba anandilipirira ndi a Jailosi.