Asilikali a mtovu a bambo anga

Bambo anga anali ophika kwa padiri, wansembe wachizungu, kufupi ndi Chiputo. Dziko litalandira ufulu, padiriyo ananyamuka mwaphuma, n'kuwasiyira kaisha, bokosi la matabwa, ndi tizitini ta tinta, utoto wopakira. M'kaishamo munali tiasilikali ta mtovu, totalika ngati chala, tina pa akavalo, tina ndi mikondo ndi zishango zokhala ndi mtanda. Padiri ankati ndi ankhondo akalekale a dziko la Arimeniya. Tiasilikalito ankatipaka utoto, n'kumatimenyanitsa pa meza, tebulo lake lodyera, ndi mnzake wochokera ku Tete. Anthu akuluakulu andevu zawo, kuseweretsa zidole! Ine zinkandiseketsa, mpaka pamene bambo anga omwe anayamba.

Tambiri tinali tisanapakidwe. Akaweruka kumunda, bambo ankakhala pakhonde ndi nthenga ya nkhuku yosongola, lilime lili panja. Ankayamba ndi kavalo, kenako malaya ofiira, kenako chisoti. Nkhope ankamalizira, chifukwa ankati ukayamba ndi maso, kanthuko kamakuyang'ana. Nkhope za azungu sankazidziwa bwino, ndiye onse ankawapaka akuda ngati ife.

Nkhondo yachiweniweni itafika, anyamata anayamba kusowa. Ena ankatengedwa kumunda, ena panjira. Achimwene anga anapita pa njinga ku Malowera kukafuna mchere, osabwerako.

Kwathu munthu akafera kutali, mtembo osaoneka, timaika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro athe. Tsiku lina mayi wina wa kutsidya kwa dambo, amene anali atangomva kuti mwana wake waphedwa, anaima pakhonde pathu n'kuloza kamsilikali kamodzi.

"Uyu ndi mwana wanga. Taonani mapewawo. Ndipatseni, nthochi ilibe nkhope."

Bambo anampatsa. Mayiyo anakakulunga m'kansalu, n'kukaika m'manda ndi nyimbo za tchalitchi. Ena atamva anabweranso, ndipo kaisha inayamba kupepuka.

Zinafika poipa pamene bambo anamaliza nkhope ya kamsilikali kena, mayi wina wodutsa n'kunena moseka kuti kafanana ndi mwamuna wake. Sabata isanathe uthenga unabwera kuti mwamunayo waponda bomba lokwirira. Kuyambira pamenepo anthu ankalambalala nyumba yathu. Akazi akamapita kumadzi ankaphimba nkhope ndi chitenje, kuopa kuti bambo angawaone bwino. Inenso ndinkaopa. Masana dzuwa lili phwee, ndinkasesa pakhonde nditafulatira, chifukwa tiasilikali tonse tinkaoneka ngati tikudikira kuitanidwa.

Panali kamodzi koyenda pansi, kopendeketsa mutu kumanzere, monga ankaimira achimwene akamamvetsera. Tonse tinaona. Amayi anakatenga kasanapakidwe nkhope, n'kukamangirira pamfundo ya chitenje chawo. Ankalima nako, kugona nako.

"Mukadzangokapaka aka, ine ndi inu ukwati watha," anawauza bambo.

Zinapita mvula zingapo. Kenako kunabwera munthu wothawa kutchire, miyendo yotupa, amene anati anawaona achimwene akugwa powoloka mtsinje, zipolopolo zili mbwee. Atsibweni, alongo awo a amayi, ndiwo anali ndi mawu pa maliro a mbumba yawo. Anadikira mwezi, kenako anabwera.

"Mlongo wanga, mwanayu akuzungulira kutchire, alibe pogona. Mumasuleni."

M'mawa mwake amayi anamasula mfundo ija okha, n'kuika kamsilikali m'dzanja la bambo. Tinta inali itauma, ndipo anaisungunula ndi mafuta a nyali. Bambo anapaka akulira, osapukuta misozi. Atakapaka maso, ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, chifukwa anali achimwene enieni. Tinawaika tsiku lomwelo, tinameta, maliro n'kutha.

Nkhondo itatha, tsiku lina masana tikupuntha mapira, munthu wowonda anaima m'mphepete mwa bwalo. Sanaodire. Anangoima, manja ali lende, akutiyang'ana mmodzimmodzi. Anali achimwene. Ndinakondwa, inde, koma mantha ndiwo anafika poyamba, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinawathamangire. Amayi anatapa dothi n'kuwawaza pachifuwa kuti aone ngati ndi munthu. Dothi linagwa pansi, munthu ali chiimire. Pamenepo m'pamene amayi anakuwa.

Achimwene atadya ndi kupuma, atsibweni anawafotokozera zonse, n'kupita nawo kumanda, ife tikutsatira. Achimwene anayang'ana mtumbira wawo nthawi yaitali, udzu utamera kale.

"Atsibweni, bweretsani khasu tikafukule. Ine si ndili pano?"

Atsibweni anatembenuka kuti akatenge, koma amayi anakhala pansi pamtumbirapo, miyendo tambalale.

"Palibe akumbe pano. Imfa inabwera kudzafuna mwana wanga, ndinaipatsa uyu, inakhuta. Mukamuchotsa, dzenjeli likhala la yani?"

Achimwene anagwada, n'kuyamba kuzula udzu pamanda awo, ndipo ife tinawathandiza.