Phulusa la ku Chinsapo

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Ndinkakhala kwa malume ku Chinsapo, ntchito yanga kusesa khola la nkhuku. Chaka chimene makuponi a feteleza anayamba, dzina la amayi anga kumudzi ku Mitundu silinatuluke. Munda wawo unali utaguga, chimanga chake cholekeza m'mawondo.

Kumudziko alangizi anali atayamba kuphunzitsa anthu kupanga manyowa: zitosi, phulusa, madeya ndi masamba, kuziunjika mpaka ziwole. Koma amayi analibe chiweto, ndipo eni ng'ombe anasiya kugawa ndowe, poti tsopano aliyense ankazifuna. Ine zitosi ndinali nazo zambiri. Ndinaganiza zowolereza manyowawo m'tauni momwemo n'kuwapititsa kumudzi. Chinkandiperewera ndi phulusa.

Ndiye m'mawa ndinkayenda ndi chidebe khomo ndi khomo. "Odi, Amayi, phulusa la m'mbaula musataye." Ankandipatsa uku akuseka. "Anzako ali m'kalasi, iwe uli paphulusa ngati galu!"

Mulu wa manyowa utakula kuseri kwa bafa, mwana wa mayi wina woyandikana nafe anadwala malungo. Mayiwo anabwera atamanga chitenje m'chiuno, anzawo pambuyo.

"Bweza phulusa la pakhomo panga! Ukufuna kukhwimira mwana wanga, eti?"

"Pitani nayeni kuchipatala, Amayi. Ine udzudzu sindiweta."

"Mwaumva mwano wake? Ndati bweza!"

Ndinawapatsira fosholo. "Mulu ndi uwo. Sankhanimo lanu."

Malume anandikokera pambali. "Mphwanga, anthuwa ndikhala nawo ndine. Kataye zonsezi kumtsinje, nkhani ithe. Apo ayi, usamuke pano."

Kutaya? Miyezi yonse ija ndikutembenuza zonunkha, manja ali matuza okhaokha? Mvula inali pafupi, ndipo amayi analibe china chothira m'munda. Ndinalongedza manyowa m'matumba, anthu onse akuyang'ana, mpaka pansi kusesapo. Kenako ndinakachonderera dalaivala wa lole ya nkhuni imene inkabwerera chakwathu yopanda kanthu.

"Ukapita, wapitiratu," anatero malume.

"Ndamva. Kholalo muzisesa nokha."

Ndinakwera pamwamba pa matumba, fumbi likundilowa m'kamwa. Mvula itagwa, ine ndi amayi tinathira manyowawo phando ndi phando, phulusa la mayi uja lili momwemo. Kukapepesa sindinapite.