Doyishi ya Atsibweni

Chaka chimene bambo anamwalira, atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anapeza ntchito ku empreza, kampani ina ya zakumwa ya ku Tete. Anawapatsa mota, njinga yamoto ija, chipewa ndi telefoni. Ankayendera mabanka, tinyumba togulitsiramo malonda tija, kuchokera kwathu ku Ntengo-Wambalame mpaka ku Furancungo, n'kumapereka nota ngati aphunzitsi, zero mpaka deshi, khumi. Banka yopeza nota yapamwamba, empreza inkati iibwereka jeleira ya sola yoziziritsira zakumwa.

Kiliyenti, mwini banka amene ankamufuna, anali wa denga la malata, pansi pa simenti, chitseko chachitsulo, ndipo koposa zonse katundu wodzaza m'matabwa. Pa feriya, sikola tikatsekera, ndinkakwera kumbuyo kwa mota, wojambula ndi wolemba ndinali ine, chifukwa chala cha atsibweni chimadina zilembo ziwiri nthawi imodzi.

Banka ya amayi ndi ya zidina. Mbatatesi zathu zinali zitapsa ndi chiwawu, ndiye mtima wawo wonse unali pa jeleirayo. Tsiku loyendera anazira pansi, anabwereka mabotolo opanda kanthu kwa anzawo n'kuwandanda pafupi ndi sopo ndi mchere.

Atsibweni sanatsike n'komwe pa mota.

"Lemba doyishi."

"Ziwiri, atsibweni? Ndi amayitu awa."

"Telefoni ilibe mlongo, mphwanga. Lemba."

Amenewo ndiwo eni mbumba, oti atisunge. Amayi anangoti, "Zikomo achimwene," n'kuwapatsa madzi akumwa atagwada. Titachoka anasenza mabotolo aja kukabweza. Sanalire, ndipo chinandipweteka n'chimenecho.

M'mawa mwake pa msika wa ku Tsangano ndinapita kwa mayi wina wogulitsa mandasi, wa pakamwa pothamanga kuposa minibasi ya chapa.

"Amayi, musauze munthu. Atsibweni ndi a Finansa, a msonkho aja. Jeleira ndi nyambo chabe. Akangojambula katundu wambiri, mwini wake watha."

"Iii mwanawe! Ine ndiye pakamwa ndasoka."

Nkhani inakafika ku Furancungo ife tisanathire gazolina. Kwathu kuno munthu saonetsa chuma chake. Amaopa nsanje, amaopa afiti, msonkho ndiye osanena. Tinayamba kupeza mabanka ali mbee! Bambo wina amene aliyense amadziwa kuti ali ndi kamyawu wake, galimoto yonyamula katundu, tinawapeza atavala malaya ong'ambika, akulondera sopo mmodzi.

"Zinthu zavuta, shefi. Tikungodikira imfa."

Matumba a shuga anali m'khola la mbuzi, ine ndinkawaona pa mpata wa mitengo. Wina anafika pozula chitseko chachitsulo n'kukolekapo chiguduli. Ndinadziluma lilime mpaka magazi kuti ndisaseke.

"Lemba zero," atsibweni ankatero, mawu akunka nachepa.

Ndinkalemba ndi mtima wonse.

Akuluakulu a ku Tete ataona manota aja anati m'dera lonseli mulibe kiliyenti wowayenera. Majeleira anapita kwina. Kunabwera galimoto kudzatenga mota, telefoni, ngakhale chipewa chomwe anachita kuwavula pamutu anthu akuona. Palibe anapata jeleira, amayinso ayi.

Mayi wa mandasi uja ndiye anandiulula. Atsibweni anandimenya ndi mpini wa khasu kuseri kwa nkhokwe, ndipo khutu lamanzereli limalirabe ngati muli nkhululu. Anandifunsa ngati ndikumva chisoni. Ndinati ndikumva khutu.

Choipa n'chakuti bodza langa silinafe. Mpaka lero anthu akawaona atsibweni amatsitsa mawu. Ganyu sawalemba. Akazi awo anawauza kuti atole zawo, nawo anabwerera kumudzi kuno ndi chikwama chimodzi. Amadya kwa amayi, mchere wa m'banka ya doyishi ija. Amayi amangowatsukira mbale. Banka nayo ikunka nitha, sopo watsala wowerengeka.

Ndikamachokera ku sikola ndimawapeza akulima m'munda mwathu, msana uli gwa, mizere yokhotakhota poti manja anazolowera mota. Ndimaima pa chulu n'kuyang'ana bwinobwino, monga anandiphunzitsira eni ake.

"Ukuyang'ana chiyani, galu iwe?"

"Mizere yanuyo, atsibweni. Doyishi. Ndipo ndakukonderani poti ndinu achibale."